Ndinati Palibe Fungo

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili mu Sitandade 5, chifukwa ndicho chinali chaka chomaliza galimoto kuima pakhomo pathu. Tinkakhala kwa Mpama, m'mudzi mwa amayi anga, kumene bambo anabwera ngati mkamwini. Galimotoyo inali pikiapu yoyera yakalekale imene anagula atasiya ntchito ku esiteti ina ya tiyi. Ankanyamulira nandolo ndi tomato kupita ku Limbe, mbuzi za anthu a ku Mikolongwe, odwala, ndipo nthawi zina maliro. Munda wathu unali waung'ono ndiponso wamiyala. Chimene chinkatidyetsa chinali galimotoyo.

Bambo anali ndi chilema chimene sichinkaoneka ndi maso. Asanaphunzire kuyendetsa, anagwira zaka zambiri ntchito yopopera mankhwala m'minda, ndipo mphuno zawo zinafa. Sankamva fungo lililonse. Ndiwo zinkatha kupserera iwo atakhala pafupi ndi moto, osadziwa kanthu mpaka utsi uwalowe m'maso. Kwa munthu woyendetsa galimoto yakale ya petulo limeneli linali vuto lalikulu, chifukwa petulo akayamba kudontha, mphuno ndi zimene zimayamba kudziwa maso asanaone. Ana akuluakulu analibe. Amene analipo ndinali ine ndekha, Rozina, ndipo kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinakhala mphuno zawo.

Anandiphunzitsa ntchitoyo mwadongosolo, ngati mmene aphunzitsi a katekisimu ankatiphunzitsira mapemphero. Madzulo ankayala katoni pansi pa galimoto, kuti ngati china chadontha chisiye banga. M'mawa, injini isanalizidwe, tinkayambira pa chitsekerero cha thanki. Ndinkayang'ana kamphira kake ngati sikanang'ambike, ndipo pochitsegula tinkatchera khutu kuti timve kampweya kakutuluka, umboni woti thanki inatsekeka bwino. Kenako ndinkagona chagada n'kukwawira pansi. Ndinkatsata paipi ndi chala chouma kuchokera ku thanki, kudutsa m'mbali mwa chitsulo chachikulu, kukafika pa sefa ya mafuta, ndikununkhiza paliponse pamene mphira inakumana ndi chitsulo. Pomaliza ankatsegula boneti, ine n'kukwera pa tayala kukanunkhiza kachitini kakuda kamene kanali pakona, kamene iwo ankati m'kati mwake muli makala omwa mpweya wa petulo.

"Petulo sathawa ngati madzi okha, amayi," ankatero, popeza ankakonda kunditchula choncho. "Amathawanso ngati mpweya. Wa mpweyayo ndiye woipa, chifukwa suumuona."

Lamulo lawo linali limodzi: galimoto yodontha sichoka pakhomo. Chaka china ndinapeza paipi yonyowa pafupi ndi injini, ndipo galimoto inaima masiku asanu ndi anayi kudikira kuti ina ipezeke ku Limbe. Anthu anabwera ndi matumba awo kudzadandaula, wina mpaka anatukwana, koma bambo sanasunthe. Masiku asanu ndi anayi amenewo anakhazikika m'mutu mwanga.

Moyandikana nafe munkakhala a malume a Jailosi, mchimwene wa amayi, amene analinso mwini mbumba. Anali munthu wosoka nsapato, wosalankhulalankhula, ndipo ine ankandikonda. Nsapato zanga za kusukulu sizinkagona zong'ambika. Koma ndi bambo sankamwerana madzi kwenikweni. Bambo atagula galimoto anadula mtengo wa mango umene a malume anabzala ali mnyamata, kuti apeze njira yolowera pakhomo, ndipo anadula osapempha. Tsiku limenelo a malume anakwiya zimene sindinawaonepo, nanena anthu akumva kuti, "Alamu, chitsulo chanuchi sichidzakalamba pano." Anali mawu a mkwiyo chabe. Patapita miyezi ankapatsananso moni, ndipo tonse tinayesa kuti zinaiwalika.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, ndipo matenda anawayamba nthawi isanakwane. Bambo anathamangira nawo ku chipatala ku Nguludi, kumene anawachita opaleshoni. Mwana anabadwa wamng'ono kwambiri, ndipo anawasunga onse awiri. Sabata inatha, ina n'kuthanso, yachitatu n'kuyamba. Ana sankaloledwa kulowa kumene kunali makanda otere, choncho ine ndinkatsala pakhomo, kuphika, kutunga madzi, kusesa. Sindinali nditasiyanapo ndi amayi ngakhale masiku awiri. Ndinkatenga chitenje chawo chakale n'kumafunda masana dzuwa likuswa mtengo. Amayi ena pachitsime ankanong'onezana ndikafika, ndipo tsiku lina ndinamva wina akuti, "Opaleshoni yotere ena sabwerako." Bambo ndikawafunsa ankangoti, "Ali bwino," koma nkhope yawo sinkanena zomwezo. A malume ankandibweretsera chinangwa chophika n'kukhala nane pakhonde osalankhula zambiri.

Loweruka lina bambo anabwera akumwetulira. "Mawa tikatenga amako," anatero. "Uvale diresi ya kutchalitchi."

Lamulungu m'mawa ndinadzuka iwo asanatuluke m'nyumba. Ndinapita kukakoka katoni ija pansi pa galimoto, ndipo chakumbuyo kwake, mbali ya kumanzere, panali banga. Linali laling'ono, ngati tsamba la nandolo. Ndinalinunkhiza ngakhale ndinkadziwa kale chimene chinali. Ndinakwawira pansi, ndipo fungo linandilandira ndisanafike n'komwe ku thanki. Paipi yamphira yotuluka m'thanki inali itachita mng'alu pafupi ndi kachitsulo koimangira. Dontho linkasonkhana pang'onopang'ono, kulendewera, n'kugwa. Pansi pake penipeni pankadutsa ekizozi, paipi ya utsi imene imatentha kwambiri.

Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana dontholo. M'mutu mwanga munabwera masiku asanu ndi anayi aja. Ndinaganiza za amayi atakhala pabenchi ya chipatala ndi katundu wawo, akuyang'ana kumsewu. Ndinadziuza kuti ku Nguludi si kutali, kuti ndi ulendo umodzi wokha, kuti mawa lake ndidzanena kuti ndaipeza kumene. Ndinapukuta paipiyo ndi m'mphepete mwa diresi yanga, n'kutembenuza katoni ija kuti banga likhale pansi.

Bambo anatuluka akumanga mabatani a malaya. Anatsegula chitsekerero, tinamva kampweya kaja, ndipo ananjuta pambali pa galimoto ine nditalowanso pansi.

"Bwanji kumeneko, amayi? Kuli fungo?"

"Palibe."

"Ku thanki wafikako?"

"Ndafikako. Palibe fungo."

"Basi, tuluka ukasambe."

Sanayang'anenso. Analibe chifukwa choyang'anira, pakuti zaka zitatu zonsezo ndinali ndisanawanamizepo. Diresi yonunkha petulo ija ndinaibisa kuseri kwa nkhokwe.

Popita sipanachitike kanthu, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Amayi tinawapeza ataonda, akuyenda mowerama, atagwira pamimba. Ndinawakumbatira mpaka anadandaula kuti ndikuwapweteka pachilonda. Anandionetsa khandalo, kamtsikana kofiira, kokhala ndi zala ngati timitengo ta machesi. Sindikukumbukira tsiku lina limene ndinakondwa ngati mphindi zimenezo.

Pobwerera amayi anakhala kutsogolo ndi mwana, ine kumbuyo ndi katundu. Bambo anakweza amayi awiri achilendo amene ankapita chakufupi. Tili m'njira mmodzi anakwinya mphuno n'kunena kuti, "Koma kuno kukununkha petulo, mwanawe." Ndinayankha kuti imatero nthawi zonse. Anatsika pamphambano, n'kuthokoza, n'kumapita.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Tinasiya msewu waukulu n'kulowa wafumbi, ndipo pachitunda china chachitali galimoto inayamba kukwera molira, pang'onopang'ono. Fungo linakula mpaka kundilowa pakhosi. Ndinaganiza zogogoda padenga kuti bambo aime. Dzanja ndinalikweza ndithu. Ndisanagogode ndinamva kuti bvuu! pansi panga, ngati munthu wakutumula bulangete, ndipo malawi anatulukira pakati pa tayala ndi bodi.

Ndinamenya denga ndi manja onse awiri ndikukuwa. Bambo anaimitsa, kudumpha, kundinyamula ngati thumba n'kundiponyera m'udzu. Chitseko cha amayi chinali mbali imene kunali moto. Anawalandira mwana kudzera mbali ya dalaivala, n'kundipatsira ine. "Thawa naye!" Ndinathamanga pang'ono n'kutembenuka. Amayi ankalephera kudutsa pa giya ndi chiwongolero chifukwa cha chilonda chija, ndipo moto unali utalowa kale pansi pa mpando. Bambo anawakoka m'khwapa mpaka anagwa nawo pansi, chitenje cha amayi chikuyaka kumiyendo. Nsaluyo inali ya nayiloni. Bambo anaizima ndi manja awo, kuifinya, kuing'amba, iyo ikusungunukira m'zikhatho mwawo. Atawakokera amayi patali anabwereranso ku galimoto, akutapa dothi ndi manja omwewo n'kumaponya pamoto. Anthu amene anathamanga kuchokera m'minda anachita kuwagwira atatu kuti awachotsepo.

Tinaima patali n'kumaonerera. Matayala anaphulika limodzilimodzi. Utsi wakuda unakwera mowongoka, moti anthu a kwathu anati anauona ali pakhomo. Mwana ankalira m'manja mwanga, ndipo ine sindinalire.

Tinabwerera ku Nguludi tsiku lomwelo pa galimoto ya munthu wina wachifundo. Amayi anachira, anangotsala ndi zipsera m'miyendo. Mwana sanapse paliponse. Bambo anakhala m'chipatala miyezi iwiri, ndipo atatuluka zala zawo zinali zitapindikira m'kati, zina zitamatirirana. Sakanathanso kugwira chiwongolero. Ngakhale supuni ankachita kuipanira pakati pa zikhatho.

Anthu ankabwera kudzawazonda, ndipo aliyense ankafunsa funso limodzi: chinachitika n'chiyani? Bambo ankayankha mofanana nthawi zonse, ine ndili pomwepo ndikuwapatsa alendo madzi. "Galimoto inali bwinobwino. Mwana wangayu analowa pansi m'mawa womwewo. Mphuno zake sizinandinamizepo." Alendowo ankayang'anizana. Ngati sinkadontha, nanga moto unachokera kuti? Sipanatenge nthawi kuti wina akumbukire mtengo wa mango ndi mawu amene ananenedwa tsiku lija. Abale a bambo anapita kwa sing'anga wina, ndipo anabwerako ndi yankho loti wochita zimenezi ndi munthu wapafupi, wodya nawo mbale imodzi.

Anaitanitsa msonkhano wa banja pabwalo pathu. Ine ndinakhala pakhomo la khitchini nditabereka mwana. Bambo ataloza chala a malume kuti ndiwo analodza galimotoyo, iwo anakana, analumbira, anatchula dzina la Mulungu ndi la amayi awo amene anamwalira. Anafunsa mlongo wawo ngati iyenso akukhulupirira kuti angafune kumutentha pamodzi ndi khanda. Amayi anangoyang'ana pansi. Kenako a malume anatembenukira kwa ine, ndipo analankhula mofatsa monga ankachitira nthawi zonse.

"Rozina, mwana wa mlongo wanga, iwe ndiwe umalowa pansi pake. Sunaone kanthu m'mawa uja? Usaope. Ngakhale kadontho?"

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinaona manja a bambo atawasanjika pamaondo. Ndinaona zipsera za amayi. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, zonsezo zikhala zanga.

"Sindinaone kanthu," ndinatero.

A malume anandiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu pang'ono.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono. Anthu anasiya kuwapititsira nsapato. Akazi awo akafika pachitsime, ena ankachotsa ndowa zawo. Ana awo, amene ndinkapita nawo kusukulu, ankatchedwa ana a mfiti, ndipo ine ndinkayenda kutsogolo ngati sindikumva. Anyamata anayamba kugenda denga lawo. Amayi anasiya kulankhula ndi mchimwene wawo, ngakhale nyumba zinali zoyang'anizana. Mvula yoyamba isanagwe chaka chotsatira, a malume anamanga katundu n'kusamukira kwawo kwa akazi awo ku Phalombe. Patapita zaka zinayi tinamva kuti amwalira. Kwathu sikunachoke munthu wopita kumaliro. Tsiku limenelo ndinawapeza amayi m'munda wa chinangwa atakhala pansi, khasu lili pambali, akulira mosatulutsa mawu.

Pakhomo pathu umphawi unalowa n'kukhazikika. Bambo anayesa kulima atamangirira mpini kudzanja ndi mphira ya chubu, koma khungu linkang'ambika. Anakhala munthu wa pakhonde. Galimoto ikadutsa kumsewu ankatha kunena vuto lake pongomva kulira kwa injini. Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti ine sanasiye kundinyadira. Ankauza alendo kuti ndikanakhala mnyamata ndikanakhala makaniko woposa onse m'boma lino.

Bambo ndinawauza zoona ndili ndi zaka makumi awiri. Anali atayamba kudwala chifuwa chimene chinadzawatenga, ndipo m'mawa wina ndinkawamanga mabatani a malaya kuti apite kutchalitchi. Sindinakonzekere. Mawu anangotuluka ndili pa batani lachitatu. Ndinanena za banga, za katoni, za diresi. 

"Inali paipi iti?" anafunsa.

"Yotuluka m'thanki. Pamwamba pa ekizozi."

"Inang'ambika pakati kapena kumapeto?"

"Kumapeto. Pafupi ndi kachitsulo komangira."

Anatseka maso. "Imeneyo sinkafuna ya ku Limbe," anatero. "Kungodula pong'ambikapo ndi mpeni n'kumanganso. Madzi ako osamba asanatenthe n'komwe tikanakhala titamaliza."

Ndinagwada pansi n'kugwira miyendo yawo. Sanandikankhe, komanso sanandidzutse. Patapita nthawi anati, "Za manjawa ndingakukhululukire, ndi anga. Za a Jailosi si zanga. Ine ndemwe ndinawaloza chala." Tsiku limenelo kutchalitchi sanapite. Anamwalira chaka chomwecho, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

Amayi ndinawauza maliro atatha. Anamvetsera mpaka kumapeto, anaimirira, n'kupita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Mpaka lero sanandikalipirepo. Ndikapita kumudzi amandiyalira mphasa n'kundifunsa za ulendo mwaulemu, monga amachitira ndi mlendo.

Ku Phalombe ndinapita patatha zaka zina ziwiri, nditabwerera panjira kawiri konse. Ndinapeza mwana woyamba wa a malume, amene tinkakhala naye kalasi imodzi, akukonza njinga pansi pa mtengo. Anandizindikira, anandipatsa mpando, ndipo ndinanena zonse ndikuyang'ana pansi. Ndinkayembekezera kuti andimenya kapena kundithamangitsa, ndipo mwina ndinkafuna zimenezo. Iye anangopitiriza kupukuta sipanala ndi kansanza.

"Zimenezo timazidziwa," anatero. "Mayi anatola diresi yanu kuseri kwa nkhokwe sabata yomweyo ya moto uja. Inkanunkhabe."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanaitulutsire pamsonkhano paja.

"Mayi ankafuna. Bambo anakana. Anati ndi mwana, akamuloza chala pamaso pa anthu sadzakhalanso munthu. Anati tidikire, adzanena yekha akadzalimba mtima." Anaika sipanala ija m'bokosi. "Anadikiratu. Mpaka m'chipatala, atatsala pang'ono kumwalira, ankafunsa ngati kwabwera kalata yochokera kwa Mpama."

Anandionetsa manda a malume, mulu wa dothi wopanda mtanda, kenako anandiperekeza mpaka pamsewu. Sananene kuti ndidzabwerenso.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndikamawayang'ana ndimatha kumumvera chisoni kamtsikana kaja kanagona pansi pa galimoto kakulakalaka amayi ake. Bodza la m'mawa uja linali la mwana. Koma la pabwalo lija, ndi kukhala chete kwa zaka zonse zotsatira, sindingazikankhire ku ubwana, chifukwa tsiku lililonse ndinkadzuka ndikudziwa, n'kusankhanso kusanena. Ndinkayesa kuti choonadi chidzandidikira mpaka nditapeza mphamvu. Choonadicho chinadikiradi, koma anthu amene ankachifuna sanathe kudikira. Ndinachifikitsa kwa bambo manja atapita kale, kwa amayi mchimwene wawo atagona m'manda, ndipo kwa a malume sindinachifikitse n'komwe.